Kukonzekera Ntchito ya mu Ambulansi Kuno ku Lusaka

Ndagwira ntchito ya mu ambulansi kwa zaka zambiri ndithu, ndipo zotsatira za Giredi 12 zikangotuluka, makolo a kwathu ku Chilenje amanditumizira ana awo kuti ndiwalongosolere njira yolowera ntchitoyi. Ambiri amabwera mitima ili pa yunifolomu ndi kulira kwa ambulansi. Ine ndimawakhazika pansi n'kuwauza kuti munthu amene wagundidwa ndi minibasi pa Lumumba Road amapulumuka chifukwa cha manja a amene wafika pamalopo, ngati manjawo akudziwa poyambira ndi potsatira popanda mwini wake kuima n'kumakumbukira za m'buku. Zonse zimene ndalemba pano zalunjika pamenepo. Koma tiyambe ndi mapepala, chifukwa ndi pamene ana a anthu ambiri amatayira ndalama za makolo awo.

Choyamba ndi satifiketi ya Giredi 12 ya ECZ. Masukulu a zaumoyo kawirikawiri amafuna makirediti 5, ndipo mwa amenewo mumakhala Chingerezi, masamu ndi sayansi, makamaka bayoloje. Ngati masamu anakugwetsani, musathamangire koleji imene ikukuuzani kuti bwerani basi, tidzaonera kutsogolo. Lembaninso mayeso a GCE kuti mudzalowe ndi mapepala athunthu.

Musanalipire ngakhale ngwee imodzi, fufuzani ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, limene tonse timangoti HPCZ. Bungweli ndi limene limavomereza maphunziro a ntchito zambiri zaumoyo, limalembetsa amene amaliza, komanso limapereka chilolezo chogwirira ntchito. Pofunsa musangotchula dzina la koleji, tchulani dzina la kosi yeniyeniyo, chifukwa koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino ku Higher Education Authority koma kosi imene inu mukufuna isanavomerezedwe. Funsaninso za indexing, kumene ndi kulembetsedwa kwanu ku bungweli mudakali wophunzira. Ndikudziwa mtsikana wina amene amayi ake amagulitsa salaula. Anamulipirira mpaka kumaliza pa koleji ina ya m'tauni, ndipo atapita kukalembetsa anauzidwa kuti pepala lakelo silidziwika. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa, chifukwa mtsikanayo anali ndi manja abwino kwambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye pitani nokha kusukuluko, muone chipinda chophunzirira za manja. Werengani zidole zimene zilimo, muone ngati pali machira, silinda ya okosijeni ndi Ambu bag (chikwama chopopera mpweya kwa wodwala amene sakupuma) zogwira ntchito. Funsani kuti ophunzira awo amapita kuzipatala ziti pa attachment, nthawi yokaphunzira ntchito pa odwala enieni, ndipo yankholo mulitsimikize kwa wophunzira wa chaka chomaliza amene mungamupeze panja. Amene akufuna kudzera ku unamwino adziwe kuti kumeneko woyang'anira ndi wina, Nursing and Midwifery Council of Zambia.

Maphunziro a chithandizo choyamba amene amaperekedwa ndi Zambia Red Cross Society kapena St John ndi abwino, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kuyambira kumeneko, makamaka amene mukudikira zotsatira za GCE. Mudzadziwa msanga ngati mtima wanu umapirira magazi. Kungoti pepala la masiku ochepalo si laisensi ya ntchito ya mu ambulansi, musasokoneze ziwirizi. Nthawi yodikirayo muphunzirenso kuyendetsa galimoto n'kutenga laisensi ku RTSA, ya galimoto ya magiya, chifukwa ambulansi zambiri za kuno ndi zotero ndipo olemba ntchito amakonda munthu wodziwa zonse ziwiri.

Katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B muyambe msanga. Amabayidwa katatu, ndipo kuchokera pa woyamba kufika pa womaliza pamapita miyezi 6. Mukadikira mpaka sabata yopita ku chipatala ndiye kuti mudzagwira magazi a anthu musanatetezeke mokwanira. Limbitsaninso miyendo ndi msana, pakuti mudzanyamula anthu olemera m'tinjira ta mu komboni mmene galimoto singalowe. Ponyamula mumapinda mawondo, msana uli chilili, katundu ali pafupi ndi thupi, ndipo amene ali kumutu kwa wodwala ndiye amawerenga kuti nonse munyamulire limodzi. Zogula si zambiri: wotchi yoonetsa masekondi, stethoscope (chomvetsera kugunda kwa mtima) ya mtengo wapakati, choyezera BP chopopa ndi manja, tochi yaing'ono, sizasi yolimba yodulira zovala, nsapato zotseka zosaterera, ndi kabuku kolowa m'thumba.

Choyezera BP chimenecho ndichimirire pang'ono, chifukwa ndi sukulu yanu yoyamba ndipo ili m'nyumba mwanu momwe. Khazikani ambuya pampando, mkono uli pa tebulo. Mangani lamba wake pamwamba pa chigongono, kusiya mpata wa zala ziwiri kuchokera popindikira. Zala zanu zikhale pa mtsempha wa padzanja, kumbali ya chala chachikulu, ndipo popani mpaka kugunda kuja kusowe. Onjezerani 30 pa nambala imeneyo, ikani stethoscope popindikira mkono, kenako masulani kabomba pang'onopang'ono, singano izitsika 2 kapena 3 pa sekondi. Kugunda koyamba kumene mungamve ndiyo nambala ya pamwamba, ndipo pamene kwazimiririka ndiyo ya pansi. Ophunzira ambiri amamasula mpweya mothamanga, sakumva kalikonse, n'kulemba 120 pa 80 chifukwa ndi imene akuidziwa. Chimenecho ndi chinyengo choopsa, ndipo ndikamupeza wophunzira akuchita zotero sindimunyengerera. Yezani aliyense wa pakhomo, a neba, a kwaya, onenepa ndi oonda, mpaka khutu lizolowere. Phunziraninso kupeza nambala ya pamwamba ndi zala zokha, chifukwa ambulansi ikamadumpha m'maenje a msewu simungamve chilichonse m'makutu.

Manambala a munthu wabwinobwino akhale pamilomo. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi, mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100. Ana amapuma mofulumirirapo, ndipo malire amene timagwiritsa ntchito ndi awa: khanda losakwana miyezi 2 likafika 60 pa mphindi ndiye kuti likubanika, la miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50, mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Powerenga kupuma musamuuze wodwala, amasintha kapumidwe akadziwa. Gwirani dzanja lake ngati mukuwerenga mtima, maso ali pachifuwa. Kumbukiraninso kuti munthu amene akutaya magazi, makamaka wachinyamata, mtima ndi umene umayamba kuthamanga, manja n'kuzizira, BP n'kudzatsika pambuyo pake. Mukamadikira BP kuti ikuuzeni, mwachedwa.

Mabuku ambiri amene mudzawerenge analembedwa kunja ndipo zithunzi zake ndi za anthu akhungu loyera. Akamanena kuti wodwala amatuwa kapena amabiriwira, pa khungu lathu simuziona choncho. Ife timatsitsa chikope cha m'munsi n'kuona mkati mwake, timaona lilime, nkhama ndi zikhatho. Muzidina chikhadabo kwa masekondi 5 n'kusiya, ndipo mtundu wake uyenera kubwerera pasanathe masekondi 3. Yambani kuyang'ana zimenezi pa abale anu athanzi kuti mudzazindikire zikasintha.

Buku limodzi limene ndikufuna mulipeze musanayambe n'komwe sukulu ndi la Basic Emergency Care, limene bungwe la WHO linatulutsa mu 2018 mogwirizana ndi International Committee of the Red Cross. Limapezeka laulere pa intaneti, ndipo analilembera malo ngati athu ano kumene zipangizo zimaperewera. Msana wa bukuli, komanso wa ntchito yathu yonse, ndi ndondomeko ya ABCDE. A ndi njira ya mpweya, B kupuma, C kuyenda kwa magazi, D ubongo ndi kutsitsimuka kwa munthu, E kumuvula n'kumuona thupi lonse kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kumufunditsa kuti asazizidwe. Lamulo lake n'lakuti vuto limene mwalipeza pa A mumalikonza pomwepo musanapite pa B. Fupa lothyoka lotulukira kunja limakopa maso a aliyense, anthu onse amakuwa akuloza pamenepo, koma chimene chingamuphe munthuyo m'mphindi zochepa ndi lilime limene lagwera kukhosi. Mukamva akuliza mkonono kapena kukhosi kukubwata, pitani kumutu. Ngati sanavulale, pendeketsani mutu chagada n'kukweza chibwano. Ngati wagwa kapena wagundidwa, musapinde khosi, ikani zala kuseri kwa nsagwada n'kuzikankhira kutsogolo. Chimodzi chokha chimene chimadumpha mzere ndi magazi otuluka mwamphamvu kwambiri, amenewo mumawatseka musanachite china chilichonse.

Ndondomekoyi siilowa m'mutu powerenga chamumtima. Pezani anzanu awiri kapena atatu, wina agone pa mkeka, wina akhale woyesa ali ndi pepala, inu muzichita mukulankhula mokweza: malo ano ndi otetezeka, ndavala magolovesi, atate mukundimva? Bwerezani tsiku lililonse, nkhani zizisintha, lero wagwa pa njinga yamoto, mawa wakomoka pa msika. Pa D yambani ndi chapafupi, chija timati AVPU: ali maso, amayankha mawu, amangomva kutsinidwa, kapena sakumva chilichonse. Glasgow Coma Scale, muyeso wa mapointi wa kutsitsimuka kwa munthu, mudzaiphunzira m'kalasi. Maso ali ndi 4, mawu 5, kusuntha thupi 6, zonse pamodzi 15, ndipo yotsikitsitsa ndi 3. Ikafika 8 kapena kutsika apo, dziwani kuti munthuyo sangathe kudzitetezera njira ya mpweya. Pa D pomwepo yezani shuga. Ndikubwereza, yezani shuga kwa aliyense amene wasokonezeka mutu, ngakhale akununkha kachasu. Ukakhala pansi pa 3.5 ndi wotsika ndipo umafuna kukonzedwa nthawi yomweyo. Anthu ambiri amasiyidwa pakona kuti mowa uwathere pamene vuto ndi shuga kapena magazi akukha m'mutu.

CPR, thandizo la kwa munthu amene mtima wake waima, manambala ake ndi osavuta: kudina pachifuwa ka 30, kupereka mpweya kawiri, liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 mpaka 6 kwa wamkulu. Chovuta ndi thupi lanu. Tsinde la chikhatho likhale pakati pa chifuwa, zigongono zowongoka, mapewa ali pamwamba penipeni pa manja, ndipo mukadina muzilola chifuwa kubwerera chonse. Pakatha mphindi 2 mumakhala mutatopa ngakhale simukudzimva, n'chifukwa chake timasinthana. M'nyumba za anthu mudzapeza wodwala ali pa matiresi. Mutsitsireni pansi, pa matiresi mphamvu yanu yonse imangothera m'thonje. Ambu bag nayo imanyenga: imaoneka yosavuta, koma kumata chigoba chake pankhope kuti mpweya usathawire m'mbali kumafuna kuyeserera kwambiri. Diso likhale pachifuwa. Ngati sichikukwera, palibe chimene chikulowa.

Za magazi, dinani pabala mwamphamvu ndi nsalu yoyera ndipo musamachotse n'kumasuzumira. Ngati ndi mkono kapena mwendo ndipo sakusiya, mangani tourniquet, lamba wothina wotseka magazi, pamwamba pa bala, osati pa mfundo, mpaka magazi aleke, n'kulemba nthawi imene mwamangira. Phunzirani kugwiritsa ntchito zimene zilipo. Chitenge chopindidwa bwino, chomangidwa molimba modutsa pa mafupa otumphuka a m'mbali mwa ntchafu, chimagwira chiuno chothyoka n'kuchepetsa magazi otayikira mkati. Ambiri amachimanga m'mwamba, pa lamba wa thalauza, pamene sichithandiza. Katoni yolimba imagwira mwendo wothyoka. Musanamange ndiponso mukamaliza, onani ngati zala zikutentha, zikumva komanso zikusuntha.

Tsopano ndinene za odwala amene Lusaka adzakupatseni, chifukwa si onse amene ali pa tsamba loyamba la mabuku akunja aja.

Ulendo umene mudzayende kawirikawiri ndi wochotsa mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene pa kiliniki kapena pa zipatala za ku Kanyama, Chawama, Matero, Chipata ndi Chilenje kupita naye ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Choncho phunziro la uchembere musalitenge ngati la azamba okha, ndipo anyamata ndikunena inu makamaka. Mayi akataya magazi okwana mamililita 500 atabereka, ndi ngozi. Dzanja lanu liyenera kudziwa kusiyana kwa chiberekero cholimba ndi cholobodoka. Ikani chikhatho pamimba cha pa mchombo, ndipo ngati mwapeza pofewa, sisitani mwamphamvu mpaka palimbe, mukumuuza mayiyo chimene mukuchita chifukwa zimapweteka. Pemphani azamba akugwireni dzanja akuonetseni, zimenezi chidole sichingakuphunzitseni. Mayi wa mimba yaikulu amagona chammbali, kumanzere, kuti mwana asapsinje mitsempha ikuluikulu. Amene akudandaula mutu, maso akuchita chidima, BP ili m'mwamba, akhoza kuyamba kugwedezeka nthawi iliyonse, ndiye musanyamuke osadziwa ngati wapatsidwa magnesium sulphate, mankhwala oletsa kugwedezekako, ndi nthawi imene anapatsidwira. Khanda likabadwira m'manja mwanu, lipukuteni, chotsani nsalu yonyowa, lifunditseni ndi youma. Ngati silikupuma, muyambe kulipatsa mpweya ndi ka Ambu bag ka makanda mphindi yoyamba isanathe.

Kolera nayo si nkhani ya m'mbiri kwa ife. Tinaiona mu 2017 ndi 2018, inabweranso kumapeto kwa 2023, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ochiritsira odwala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Wodwala kolera amatsegula m'mimba zamadzi zooneka ngati otsukira mpunga, maso amalowa, khungu mukalitsina limachedwa kubwerera, ndipo wamkulu wamphamvu akhoza kufa m'maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Amene angathe kumwa muyambe kumumwetsa ORS m'njira momwemo. Amene wafookeratu amafunika dripu ya Ringer's lactate mwamsanga. Dziwani kusungunula klorini: 0.05 peresenti ndi yosamba m'manja, 0.2 peresenti yopukutira machira ndi pansi pa galimoto, 2 peresenti ya masanzi ndi chimbudzi. Masamu a kasungunulidwe amenewa amabwera pa mayeso, ndipo m'nyengo ya mvula amateteza inuyo ndi ana anu kunyumba.

Mu Juni ndi Julayi, kukazizira, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera. M'mawa mumapeza banja lonse mutu ukuwawa, ena akusanza, wina sakudzuka. Utsi wa malasha uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha. Tsegulani zitseko, atulutseni panja, apatseni okosijeni wambiri. Apa kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni m'magazi kamanama: kakhoza kuonetsa 98 munthu akufa, chifukwa sikasiyanitsa mpweya woipawo ndi okosijeni. Mbaula yomweyo imawotcha ana. Pabala la moto timathira madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osati mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira, ndipo muyenera kuphunzira kuwauza amayi zimenezi mofatsa pamene iwo akulira. Mudzakumananso ndi amene amwa mankhwala ophera tizilombo a m'munda: malovu ali chuchuchu, thukuta, timaso tating'ono kwambiri, chifuwa chodzaza madzi. Valani magolovesi, muvuleni zovala zonyowazo, musamusanzitse, ndipo botolo mulitenge kupita nalo ku chipatala. Wakhunyu musamuike supuni m'kamwa. Chotsani zimene zingamupweteke, yang'anani wotchi, ndipo akadutsa mphindi 5 akugwedezekabe, pakufunika mankhwala.

Pa ngozi ya pamsewu, pa Kafue Road kapena Great East Road, chinthu choyamba ndi moyo wanu. Imikani ambulansi moti ikutchingeni ku magalimoto akubwera, valani chovala chowala, ikani ma triangle patali ndithu, yang'anani mafuta otayika ndi mawaya a magetsi. Khamu la anthu mudzalipeza lafika kale. Ena akukoka wovulala miyendo, ena akumuthira madzi, ena akufuna kumuponya kumbuyo kwa Canter. Anthuwa si adani, akufuna kuthandiza, ndiye apatseni ntchito. Ndimasankha amene akukuwa kwambiri n'kumuuza kuti, atate, inu ndithandizeni, anthu onse aime kuseri kwa mzere uwu. Wina agwire tochi, wina anyamule dripu, mayi mmodzi atchinge ndi chitenge kuti wovulala asakhale pambalambanda. Luso limeneli silikhala pa pepala la mayeso, mumaliphunzira poonera akuluakulu a ntchito. Chimodzimodzi kupeza nyumba mu komboni: woimba foni muuzeni atumize mwana akaime pa msika, pa sukulu kapena pa tchalitchi chodziwika. Ku Kanyama mvula ikagwa madzi amadzaza m'njira, ndipo nthawi zina galimoto imatsala kutali inu n'kulowa ndi machira wapansi.

Masiku a attachment ndi amene amaumba munthu. Fikani nthawi isanakwane, perekani moni kwa onse, kuyambira a sisita oyang'anira wodi mpaka amayi okolopa, ndipo mudzitchule kuti ndinu wophunzira. Musaime pakhoma manja ali m'thumba kudikira kuti wina akuitaneni. Ku Casualty anthu ndi otanganidwa, amaphunzitsa amene wayandikira. Yambani ndi ntchito zimene ena amazinyoza: kuyeza odwala onse pamzere, kukankha machira, kusintha nsalu, kuona ngati silinda ili ndi mpweya. A sisita akaona kuti manambala anu ndi oona, adzakuitanani okha pa kanyula, kachubu kolowetsa mumtsempha kuti dripu idutse. Chimene simunachitepo nenani poyera kuti sindinachitepo, ndionetseni. Logbook, buku lolembamo zimene mwachita pa odwala, muzisainitsa tsiku lomwelo. Mukasunga kuti mudzasainitse kumapeto, amene anakuonani adzakhala ali pa tchuthi kapena aiwala, ndipo kupempha munthu kusainira zimene sanaone ndi kumuika m'mavuto.

Wodwala aliyense mumupemphe chilolezo musanamugwire, ngakhale amene akuoneka kuti sakumva. Amai, ndine wophunzira, ndikufuna ndikuyezeni, mundilola? Agogo asakhale "bedi 6" pakamwa panu. Muuzeni aloze ndi chala pamene pakupweteka. Pofunsa za mankhwala amene akumwa, ma ARV kapena azitsamba, kapena za mimba kwa mtsikana, tsitsani mawu ndipo achibale atalikire pang'ono, apo ayi simumva zoona. Lusaka ndi wa mitundu yonse, choncho mafunso ofunikira muwadziwe m'Chibemba ndi m'Chitonga momwe. Foni ikhale m'thumba. Kujambula wovulala n'kutumiza pa WhatsApp kapena Facebook ndi kulakwira munthu amene sangathe kudziteteza, ndipo pali mabanja amene amva za imfa ya mwana wawo kudzera pa chithunzi chotero. Kukhoza kukuchotsetsani sukulu, ndipo ine ndingavomereze.

Singano mukaigwiritsa ntchito musaibwezere chivindikiro, iponyeni m'bokosi lake nthawi yomweyo. Ikakubayani, sambani ndi sopo ndi madzi oyenda, kenako uzani woyang'anira pompo, osachita manyazi. Mankhwala oteteza ku HIV, aja a PEP, amayenera kuyambidwa mwamsanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28.

Yesererani kupereka wodwala kwa a ku chipatala, chifukwa ntchito yabwino ya m'njira imatayika pakhomo la Casualty ngati simutha kufotokoza. Dongosolo lake ndi ili: ndani, chachitika n'chiyani, nthawi yanji, mwapeza chiyani, manambala ake, mwachita chiyani. Mwachitsanzo: a sisita, awa ndi abambo a zaka za m'ma 40, agundidwa ndi galimoto cha m'ma 19 hours, ntchafu yakumanja yathyoka, m'mimba mwalimba, mtima unali 110 tsopano ndi 128, BP yatsika kuchoka pa 110 kufika pa 90, taika kanyula ziwiri ndipo tamanga chiuno. Mwaona kuti ndatchula manambala akale ndi atsopano. Kusintha kumeneko ndi kumene dokotala akufuna kumva, n'chifukwa chake wodwala kwambiri timamuyeza mphindi 5 zilizonse m'njira n'kulemba. Ku wodi zambiri zimanenedwa m'Chingerezi, ndiye yesererani m'zilankhulo zonse ziwiri mpaka zizitha mphindi imodzi isanakwane.

Tsiku lina wodwala adzakuferani m'manja, mwina mwana. Mudzapita kunyumba nsima n'kukanika kutsika. Zimenezo sizitanthauza kuti ntchitoyi simuitha. Pezani wamkulu mmodzi wa ntchito amene mungakhale naye pansi n'kukambirana zimene zinachitika, ndipo ngati tulo tasowa kwa masabata, kaonaneni ndi aphungu a ku chipatala. Ndaona anzanga abwino akuthawira ku mowa, ndipo sindifuna kuti inu mudzatsate njira imeneyo.

Mayeso a manja, amene timati OSCE, amakhala ndi malo angapo, aliwonse ndi mphindi zake zowerengeka, woyesa ali chete ndi pepala. Iye amachonga zimene waona ndi kumva basi, choncho zimene mukuganiza muzizinena. Ambiri amagwa pa zinthu zoyambirira: sanatchule chitetezo cha malo, sanavale magolovesi, sanadzitchule kwa wodwala, sanaitane thandizo, kapena anamanga bala bwino kwambiri osaona kuti chidolecho "chasiya kupuma". Mukasokonezeka pakati, bwererani pa A n'kuyambanso, woyesa amalemekeza zimenezo. Malo amodzi akakuvutani asiyeni pomwepo belu likalira, musawanyamule kupita nawo pa ena. Za mayeso olemba, funafunani mapepala a zaka zam'mbuyo, ndipo masamu a mankhwala ndi a madontho a dripu muziwachita ndi pensulo tsiku lililonse, chifukwa ndi amene amagwetsa anthu amene ankaopa masamu ku sekondale.

Mukakhoza, satifiketi ya sukulu payokha sikulolani kugwira wodwala. Muyenera kulembetsa ku HPCZ n'kutenga chilolezo chogwirira ntchito, chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo amafuna umboni woti mukupitiriza kuphunzira. Ndondomeko ya kulembetsa, malipiro ndi za mayeso a bungweli muzitenge kwa iwo eni m'chaka chimene mukumaliza, osati kwa mnzanu amene anamaliza kale. Dziwani malire a zimene gawo lanu limaloledwa kuchita. Abale ndi a neba adzayamba kukutchulani adokotala n'kumakupemphani kuti muwabaye jakisoni kunyumba, ndipo muyenera kukana. Makadi ambiri a CPR amatha pakapita zaka 2, ndiye lembani tsikulo penapake. Ntchito zimapezeka m'zipatala za boma, m'makampani a ambulansi, m'migodi ya ku Copperbelt ndi ku Solwezi, ndi m'malo a zomangamanga, ndipo ambiri mwa amenewa pokuyesani amakuikirani chidole pansi kuti muwaonetse. Popita kumeneko nyamulani mafotokope otsimikiziridwa a satifiketi ya Giredi 12, ya koleji, chilolezo cha HPCZ, laisensi ya galimoto, khadi la katemera ndi logbook yanu.